Collagen pa bala la phazi la munthu wa shuga: kaikidwe kake, ndi zoti muyambe mwakonza

Mkati mwa sabata ndimasamalira agogo ena ku Randburg. Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala ku Rosettenville kwa amalume anga, omwe anawadula zala ziwiri za phazi lamanzere pamodzi ndi mafupa ake chifukwa cha shuga. Madokotala sanalisoke lonse bala lija, analisiya dala kuti lizidzaza mnofu kuchokera pansi. Nkhaniyi inamveka pa gulu lathu la WhatsApp la anthu akumudzi, moti masiku ano aliyense amene m'bale wake wadulidwa chala amandiimbira, ndipo funso ndi limodzimodzi: "Achemwali, collagen uja mumagula kuti?" Ine si nesi. Ndine wosamalira odwala amene masisita a kuchipatala anamugwira dzanja n'kumuonetsa. Koma ndaona anthu akupita kwa mashonisa kukatenga katapila chifukwa cha timapaketi timeneti, ndiye ndati ndilembe zomwe ndikudziwa.

Collagen si mankhwala achilendo. Ndi puloteni yomwe ili kale m'thupi, ndiyo imalimbitsa khungu, minyewa ndi mafupa. Bala likamapola, thupi limayala collagen watsopano pansi pake ndipo khungu limayenda pamwamba pa ameneyo kuchokera m'mbali. M'bala mumakhalanso ma enzyme otchedwa MMP, omwe ntchito yawo ndi kugaya mnofu woonongeka kuti uchoke. Pa bala la munthu wa shuga lomwe lakhalitsa, ma enzyme amenewa amachuluka mopyola muyezo n'kuyamba kugaya ndi mnofu wabwino womwe, uja wangomera kumene. N'chifukwa chake bala limaoneka chimodzimodzi mwezi uno ndi mwezi wamawa. Collagen wa m'paketi amaikidwa kuti ma enzyme aja atanganidwe ndi iyeyo, ngati momwe timawazira nkhuku madeya kuti zisiye kupalasa pa nazale. Ntchito yake yaikulu ndi imeneyo. Sapha tizilombo tomwe talowa kale mkati mwa phazi, satsegula mitsempha yotsekeka, ndipo satsitsa shuga.

Amabwera mosiyanasiyana: kasiponji kopyapyala, ufa, kapena gel. Amene masisita amamutchula kawirikawiri ndi Promogran, wa ngodya 6, yemwe ali ndi collagen wa ng'ombe 55% ndi cellulose 45%. Mnzake Promogran Prisma anamuonjezera siliva pang'ono. Makampani ena amatenga collagen ku nkhumba, kavalo kapena nsomba. Abale athu achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga omwe ali ku Mayfair ndi Fordsburg, werengani pa bokosi musanalipire: akalemba bovine ndiye kuti ndi wa ng'ombe, akalemba porcine ndi wa nkhumba. Muwauze asisita poyera, sadzakudabwani, Johannesburg ili ndi Asilamu ndi Ayuda ambiri amene amafunsa zomwezo. Amene thupi lawo limadana ndi zinthu zochokera ku ng'ombe anenenso.

Collagen wothira m'tiyi uja, wa m'mabotolo aakulu a ku Clicks ndi Dis-Chem, yemwe atsikana amamwa kuti khungu lisalale, ndi chinthu china. Sanapangidwire pabala ndipo si wotetezeka ku tizilombo ngati wa m'paketi ya kuchipatala ayi, ndi chakudya basi. Musayerekeze kumuwaza pabala.

Tsono mvetserani apa, chifukwa wogulitsa sangakuuzeni. Mu 2002 ku America anayesa Promogran pa anthu 276 a zilonda za shuga kumapazi. Patatha masabata 12, mwa omwe ankaikidwa collagen anapola 37 pa 100 alionse, pamene mwa omwe ankangoikidwa gauze yonyowetsa anapola 28 pa 100. Kusiyanako kunali kochepa moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti ndi collagen anachititsa. Ndipo mu 2023 bungwe la akatswiri a phazi la shuga padziko lonse, IWGDF, linalangiza kuti collagen asamaikidwe poyembekezera kuti ndiye apoletse chilonda, chifukwa umboni wake ndi wofooka. Chomwe chili ndi umboni wooneka pa bala la opaleshoni yodula mbali ya phazi ndi makina oyamwa bala aja amawatcha vac. Kafukufuku wa mu 2005 pa anthu 162 odulidwa mbali ya phazi anapeza kuti pa masabata 16, omwe anali pa makina anapola 56 pa 100, enawo 39 pa 100. Choncho ngati bala ndi lalikulu komanso lakuya, funso loyamba kwa adokotala likhale la vac, collagen abwere pambuyo.

Maganizo anga ndi awa. Asisita kapena adokotala akaona kuti bala ndi loyera koma laima, n'kunena kuti tiyese collagen kwa masabata angapo, yesani, ndipo muike mwaluso kuti ndalama isapite pachabe. Koma kusiya kulipira lendi kapena kudumpha tsiku la kuchipatala kuti mugule collagen, kumeneko ndi kuluza kawiri.

Musanatsegule paketi

Bala losokedwa bwino lomwe milomo yake yagwirana silifuna collagen. Amafunika pa bala lotseguka, kapena pomwe ulusi wamasuka bala n'kuyasama.

Magazi azifika kuphaziko. Afunseni adokotala mwachindunji: "Kodi magazi akuyenda bwino mwendo umenewu?" Amagwira kugunda kwa mtsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, ndipo akakayika amayeza ndi kamakina ka Doppler. Phazi lozizira, lotuwa kapena lobiriwira, lopweteka usiku mpaka munthu kulilendeweretsa pansi pa bedi kuti apezeko bwino, limafuna dokotala wa mitsempha. Zipatala zazikulu ngati Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto zili nawo madokotala amenewa, koma mumafikako ndi kalata yochokera ku kiliniki kapena chipatala chomwe chinakuonani. Pa phazi lopanda magazi mungaike chilichonse, silipola.

Pansi pa bala pakhale pofiira. Ngati pali nkhanambo yakuda youma, kapena mnofu wachikasu wonanda, collagen amangokhala pamwamba osakhudza pamoyo. Zimenezo amachotsa ndi asisita kapena adokotala ndi mpeni wawo. Inu lezala ayi, ngakhale mutakhala kuti kumudzi ndinu amene munkadula ana mchombo. Ndipo bala lomwe likutuluka mafinya, lonunkha, lotentha m'mbali, liyambe lalandira mankhwala opha tizilombo. Siliva wa mu Prisma salowa m'malo mwa mapiritsi kapena diripi.

Kaikidwe kake

Sankhani nthawi ya masana, pafupi ndi zenera. Magetsi a kuno sadalirika, ndipo kutsuka bala ndi tochi ya foni kukamwa si nzeru. Wodwala agone kapena akhale motsamira, phazi lili pa pilo yemwe mwayalapo pulasitiki ndi thaulo lochapa. Pukutani tebulo, yalanipo zonse musanayambe: saline wa 0.9% (madzi a mchere a kuchipatala otsukira bala), sirinji yopanda singano, gauze, magolovesi awiriawiri, sizasi yomwe mwaiwiritsa kapena kuipukuta ndi spirit, collagen, chophimba pamwamba chomwe asisita anakupatsani, bandeji, ndi jumbo yotayiramo zakale. Sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono.

Masulani bandeji pang'onopang'ono. Chophimba chikamatirira musakoke. Chinyowetseni ndi saline, dikirani mphindi zingapo, chidzanyamuka chokha. Mukakoka mumazula mnofu womwe mwaudikira sabata yonse, ndipo wodwala sadzakuwa chifukwa phazi lili ndi dzanzi. Musanataye chakalecho, chiyang'aneni ndi kuchinunkhiza. Madzi achikasu owala kapena ofiirira pang'ono ndi abwinobwino. Obiriwira, okhuthala, kapena a fungo loti mubweze mutu, ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amachita mantha. Collagen akakhala pabala amasungunuka n'kusanduka phalaphala loterera, lotuwira kapena lachikasu pang'ono, ndipo woona koyamba amati ndi mafinya. Tsiku loyamba amalume ataona anati, "Iwe mwana, phazi lija lavunda." Silinavunde. Zotsalira za collagen sizinunkha, ndipo khungu la m'mbali silikhala lotentha kapena lotupa. Simufunikanso kuzikanda kuti zichoke; thupi limazimwa lokha.

Vulani magolovesi akale, valani ena. Popani saline ndi sirinji n'kumatsira pabala mofatsa kuti zonyansa zitsikire pa gauze yomwe mwagwirizira m'munsi. Timatuza tofiira tonyezimira tomwe mukuona pansi pa bala ndiye mnofu watsopanowo, musatikwechese. Musaviike phazi m'beseni. Dettol, Savlon, spirit, Jik, zonsezo n'za pansi ndi ziwiya, pabala zimapsereza mnofu wanthete. Za brake fluid, Colgate, phulusa ndi ufa wa m'makapisozi sindifuna n'kuzimva komwe. Pukutani khungu lozungulira ndi gauze youma, osaiwala pakati pa zala zotsalazo. Thonje lisakhudze bala chifukwa limasiya ulusi.

Tsegulani paketi osagwira mkati ndi manja. Dulani collagen molingana ndi kukula kwa bala, kuti aphimbe pansi ponse koma asakwere pakhungu labwino. Mugonekeni n'kumudina pang'ono ndi gauze kuti akhudze pansi, pasakhale mpata. Bala likakhala lonyowa lokha, muona collagen akufewa pomwepo. Likakhala louma, mudonthezereni saline madontho ochepa mpaka afewe, chifukwa collagen wouma sagwira ntchito. Pa bala lolowa mkati mukhoza kusanjikiza tizidutswa, koma mosaphatikiza. Ngati pali kadzenje komwe simukuona mathero ake, kapena mukuona choyera cholimba ngati fupa kapena mtsempha, imani pomwepo, phimbani ndi gauze yonyowetsa, pitani nawo kwa asisita.

Chotsala m'paketi chimapweteketsa mtima kuchitaya, ndikudziwa. Koma paketi ikatsegulidwa ndiye kuti fumbi ndi tizilombo zalowa. Njira yake ndi kupempha saizi yaing'ono yoyandikira bala lanu, osati kusunga chidutswa m'kabati.

Collagen sakhala yekha, amafuna chophimba. Pa bala lotulutsa madzi ambiri amaika foam, chophimba chonga siponji chomwe chimamwa madziwo, pa louma amaika chosamatirira kenako gauze. Kulungani bandeji kuyambira kutsogolo kwa phazi kukwera kukakolo, momasuka moti chala chanu chilowe pansi pake. Zala zotsala zizioneka kuti muziona mtundu wake. Pulasitala asazungulire chala kapena phazi lonse, ndipo mfundo kapena chitsulo cha bandeji chisakhale kunsi komwe munthu amapondera.

Kawirikawiri amasintha pakadutsa masiku awiri kapena atatu, osapitirira maola 72. Madzi akamabowola bandeji msanga, mungafunike kusintha tsiku lililonse. Mukaona khungu la m'mbali layera ndi kukwinyika, ndiye kuti likukhala m'madzi nthawi yaitali. Auzeni asisita asinthe chophimba. Kutsegulatsegula kuti alendo aone, ayi. Anthu a kutchalitchi apemphere bandeji ili chimangire.

Sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, jambulani bala ndi foni mutaika rula pambali osakhudza, ndipo lembani m'kabuku utali ndi m'lifupi mwa masentimita. Maso amanama, makamaka a munthu amene amaliona tsiku ndi tsiku. Akatswiri a zilonda za shuga amayang'ana masabata 4: ngati bala silinachepe ndi pafupifupi theka, pali china chikuliletsa, ndipo kugula collagen wina si yankho. Kungakhale fupa lomwe lagwidwa ndi tizilombo, magazi ochepa, kapena chomwe ndikuti ndinene tsopanochi.

Kuponda

Kunena zoona, nkhondo yanga ndi amalume sinali pa bandeji. Inali pa kuyenda. Munthu amene wakhala akugwira ntchito ya m'munda wa maluwa zaka zonsezi sakhazikika, ndipo poti phazi silipweteka, amaona ngati kupita pa spaza, kagolosale ka pafupi, kukagula airtime si kanthu. "Ndikupondera chidendene, mphwanga," amatero. Koma thupi lonse likatsamira paphazi, bala limafinyika ndi kukhuzika ngakhale mupondere chidendene, ndipo mnofu wanthete uja umaphwanyika pamodzi ndi collagen wanu wodula. Ndinafika powauza kuti, "Amalume, ulendo umodzi wa pa spaza ndi paketi imodzi yotayika." Atamva za ndalama m'pamene anamvera.

Funsani kuchipatala kuti aloledwa kuponda motani, ndipo pemphani kuonana ndi a physio kuti apereke ndodo zoyendera ndi kuwaphunzitsa. Pali nsapato yapadera yomwe imachotsa kulemera kutsogolo kwa phazi, palinso chibuti chofika m'munsi mwa bondo. Chomwe apatsidwacho avale paliponse pomwe phazi lakhudza pansi, ngakhale usiku. Ambiri timakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba komwe chimbudzi chili panja, ndiye ikani ndowa ya chivundikiro pafupi ndi bedi, manyazi achepe. Akakhala pansi, phazi likwezedwe pa mpando kuti lisatupe, pokhapokha adokotala atanena kuti magazi ndi ochepa ndipo asalikweze. Pa taxi pemphani mpando wakutsogolo. Kumbuyo anthu amapondana, ndipo iye sadzamva kuti wapondedwa.

Chimene chimabweza anthu kuntchito msanga ndi njala, osati kusamva. Ngati abwana ankadula UIF (ndalama ya inshuwaransi ya boma ya anthu apantchito) pa malipiro, kafunseni ku Labour Centre za ndalama zomwe munthu amalandira akadwala nthawi yaitali. Achibale amene mukufuna kuthandiza, lendi ya mwezi umodzi imapoletsa bala kuposa bokosi la collagen.

Enanso amati bola akadwalire kumudzi. Ndimamvetsa. Koma basi yochoka Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza ndi pafupifupi masiku awiri phazi lili lende, kutsika ndi kuima pamzere pa bodala lililonse, kopanda pomasulira bandeji. Adokotala avomereze kaye, ndipo munyamule kalata yofotokoza opaleshoni, mankhwala okwanira, ndi zotsukira za panjira.

Shuga, chakudya ndi chisanu

Shuga wokwera amafooketsa asilikali a m'magazi, ndiye bala limachedwa. Kwa anthu ambiri madokotala a kuno amafuna kuti kamakina koyezera shuga kazionetsa 4 mpaka 7 m'mawa musanadye, ndi pansi pa 10 patatha maola awiri mutadya, ngakhale okalamba amawaikira muyezo wawo. Lembani manambala m'kabuku kamodzi ndi miyezo ya bala. Shuga akangokwera popanda chifukwa, kaikirani phazi. Nthawi zina ameneyo ndiye amayamba kuulula kuti tizilombo talowa, bala lisanaonetse.

Nsima ya ufa woyera wa m'mashopu a kuno ichepe, ndiwo zichuluke: nyemba, mazira, usipa wobwera ndi mabasi, nkhuku, masamba. Mageu a m'katoni ndi zoziziritsa kukhosi zili ndi shuga wambiri, alendo asabwere nazo. Ena amati dyani zipalapasiro chifukwa zili ndi collagen. Idyani, ndi ndiwo zabwino, koma m'mimba zimagayidwa ngati nyama ina iliyonse, sizilunjika kuphazi. Amene impso zawo zinayamba kuvuta afunse kaye asanachulukitse nyama ndi nyemba. Fodya ndiye asiyiretu, amafinya mitsempha yomweyo tikuidandaulayi.

June ndi July wa kuno mukumudziwa. Munthu wa dzanzi amayandikitsa phazi pa heater kapena mbaula, kapena kugona ndi botolo la madzi otentha, n'kudzuka ndi matuza osamva kanthu. Sokosi zokhuthala zosathina ndi bulangete n'zokwanira. Madzi osamba muziyesa ndi chigongono chanu, ndipo phazi la bandeji likhale kunja kwa bafa.

Zoti musadikire tsiku la pakhadi

Kufiira komwe kwapitirira masentimita awiri kuchokera m'mphepete mwa bala, kapena mzere wofiira wokwera mwendo. Kutupa kwatsopano, kutentha, mafinya, fungo. Chala choyandikana chikayamba kuda. Thupi kutentha kupyola 38, kunjenjemera, kusanza, kubalalika mutu. Magazi osaleka mutadina kwa mphindi 10. Zikatere pitani ku casualty tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mutanyamula khadi, mankhwala onse ndi foni ya zithunzi ija. Ndikudziwa kuti ena timazengereza chifukwa cha mapepala, kapena poopa kutaya tsiku la ganyu. Pa phazi la shuga tizilombo timatha kuyenda kuchoka pachala kufika pakakolo m'masiku ochepa, ndipo amene anadulidwa chala akachedwa amadzadulidwa m'munsi mwa bondo.

Bala likatseka, khungu latsopanolo ndi lopyapyala ndipo phazi lasintha kapondedwe; kulemera komwe kunkagwera zala zochotsedwa kumasamukira pa zotsala, ndipo pamenepo m'pamene chilonda china chimayambira. Musabwerere ku nsapato zakale kapena magambuti a kuntchito musanaonane ndi podiatrist, katswiri wa mapazi. University of Johannesburg imaphunzitsa ntchito imeneyi ku Doornfontein ndipo ili ndi kiliniki yake. Zipatala zina zaboma zilinso nawo. Iwo ndi amene amasenga zikundu m'mbali mwa chipsera ndi kuyeza chopondera cha m'nsapato chodzaza malo a zala zija. Ndipo nthawi iliyonse mukamasula bandeji, vulani sokosi ya phazi linalo muliyang'ane kunsi, kuchidendene ndi pakati pa zala, chifukwa miyezi yonseyi ndi lomwe lakhala likusenza thupi lokha.